Kandege konyamula munthu ndi tiinjini ta jeti: mayankho kwa owerenga atatu a ku Zomba

Makalata atatu amene ndikuyankha lero achokera konkuno ku Zomba, ndipo onse akukhudza anthu a m'mayiko ena amene amadzipangira ndege zing'onozing'ono kunyumba kwawo, n'kuziika injini za jeti zimene poyamba zidapangidwira tindege touluka popanda munthu m'kati. Nkhaniyi ndi yachilendo kwathu kuno, koma malamulo a chiyankhulo amene ikufuna ndi omwe aja timawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Bambo wina wa ku Chinamwali, yemwe amakonza njinga zamoto, walemba kuti: "Ndimafotokozera anyamata amene ndikuwaphunzitsa ntchito za nkhaniyi, ndipo pabolodi ndidalemba kuti 'ndege yodzipanga yokha ya injini za zidole'. Mnzanga wina akuti ndalakwitsa. Kodi cholakwika chili pati?"

Bambo, mnzanuyo akunena zoona, ndipo zolakwika zilipo ziwiri. Choyamba chili pa kaphatikizo ka -dzi-, kamene kamabweza ntchito kwa woichita. Mukati "ndege yodzipanga yokha" mukutanthauza kuti ndegeyo ndiyo idagwira sipanala n'kudzipanga. Chofunika ndi kuwonjezera -ir- pa mneniyo, kuti likhale "kudzipangira", ndipo munganene kuti "ndege imene munthu wadzipangira yekha", kapena mwachidule "ndege yodzipangira", monga momwe timanenera kuti chimanga chodzilimira kapena malaya odzisokera. Ena amalemba kuti "kumanga ndege", koma ine khutu langa silivomera. Timamanga nyumba, nkhokwe ndi mlatho, bwato la mtengo timasema, pamene ndege timapanga. Ngati munthu wagula zipangizo zodulidwa kale ku fakitale n'kumangoziphatikiza, mneni woyenera ndi "kulumikiza", ndipo "kukonza" tikusungire ndege imene yawonongeka. Kusiyanaku kuli ndi ntchito, chifukwa kandege kotchuka kwambiri pa nkhaniyi, kotchedwa Cri-Cri, kamene Michel Colomban wa ku France adakapanga ndipo kadaulutsidwa koyamba mu 1973, anthu ambiri adakapanga okha potsatira mapulani ake, kudula zitsulo ndi kuzimata ndi manja awo. Anthu amenewo tinganene kuti adapangadi ndege.

Cholakwika chachiwiri n'chachikulu, ndipo ndicho chandidetsa nkhawa. Chidole ndi chinthu choseweretsa mwana, chimene mayi sachita nacho mantha kuchisiya pamphasa. Injini zimene mukunenazi n'zazing'onodi, moti munthu angathe kunyamula imodzi ndi dzanja limodzi, koma m'kati mwake muli gudumu lozungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo mpweya wotuluka ku ekizozi umatentha kupitirira madigiri 600. Zimayendera palafini kapena mafuta a ndege osakaniza ndi oyilo pang'ono, pafupifupi magawo asanu pa magawo 100 alionse, kuti maberingi asapse. Mnyamata amene wamva mphunzitsi wake akuti "injini ya chidole" adzaiyandikira mosasamala tsiku limene adzaione. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti muzilemba kuti "injini za jeti za tindege toyendetsa ndi rimoti", ngakhale kuti mawuwa ndi ataliatali. Mukawatchula kamodzi koyambirira, kutsogolo konse mungamangoti "tiinjini timeneti", ndipo anyamatawo adzakutsatirani.

Musasiyenso mawu akuti "injini" n'kungoti "jeti". Amalawi ambiri akamva kuti jeti amaganiza za ndege yathunthu ya akuluakulu, monga ija boma lidagulira mtsogoleri wa dziko mu 2009 n'kudzaigulitsa mu 2013. Munthu akawerenga kuti kandege kena kali ndi majeti awiri pamphuno angasokonezeke, pamene mukati kali ndi injini ziwiri za jeti palibe angafunse kawiri.

Mayi wina wophunzitsa Chichewa pa sukulu ina ya sekondale ku Domasi wafunsa mafunso awiri. Akuti: "Kodi tizilemba kuti injini ziwiri kapena mainjini awiri? Nanga ndege zimene Angerezi amati ultralight tizitche zopepuka, zopepukitsa kapena zopepukitsitsa?"

Mayi, pa funso loyamba njira zonse ziwiri n'zololedwa. Dzina lobwereka lakuti "injini" lidalowa m'gulu limodzi ndi nyumba, mbuzi ndi ndege, mayina amene sasintha pochulukitsa, motero timati injini imodzi, injini ziwiri. Koma mayina ambiri obwereka amalandiranso ma-, monga magalimoto, ndipo mainjini awiri si kulakwa. Chimene muyenera kudula nacho malikisi ndi kusakaniza magwirizano, monga kulemba kuti "mainjini ziwiri" kapena "injini awiri". Chimodzimodzi pochepetsa: ophunzira akayamba ndi "kandege" apitirize ndi "kameneka", "kopepuka", "kakuuluka", osati kubwerera ku "imeneyi" pakati pa chiganizo. Akayamba ndi "tiinjini" anene kuti tiwiri, tating'ono, timamwa mafuta. Muwakumbutsenso kuti woyendetsa ndi mmodzi ndipo oyendetsa ndi ambiri, kapena mmodzi amene tikumupatsa ulemu. Popeza tindege timeneti timanyamula munthu mmodzi, kulemba kuti "oyendetsa wake" n'kuphwanya lamulo kawiri m'mawu awiri okha.

Funso lachiwiri ndi lokoma kwambiri. "Zopepukitsa" musazigwiritse ntchito pano, chifukwa -its- ali ndi ntchito ziwiri m'Chichewa: amatsindika, monga pa kugwiritsa chingwe kuti chisapulumuke, komanso amasonyeza kuchititsa, monga pa kugwiritsa munthu ntchito. Wowerenga akaona "ndege zopepukitsa" angadikire kumva kuti zikupepukitsa chiyani. Tikabwereza kaphatikizoko, monga pa kuonetsetsa ndi kumvetsetsa, kukayika kumachoka, ndipo "zopepukitsitsa" zimamveka kuti n'zopepuka kuposa zopepuka zina zonse. Mawu amenewa ndi amene ndikuwavomereza, ngakhale kuti "zopepuka kwambiri" nazo n'zomveka.

Komabe dziwani kuti dzina limeneli silinena za kulemera kokha, chifukwa ndi gulu la ndege limene malamulo a dziko lililonse amaliikira malire akeake. Ku America, lamulo lotchedwa Part 103, limene lidayamba kugwira ntchito mu 1982, limati ndege ya m'gulu limeneli yokhala ndi injini inyamule munthu mmodzi, isafike makilogalamu 115 ilibe munthu ndi mafuta, thanki yake isapitirire malita 19, ndipo liwiro lake lisapose makilomita 102 pa ola. Cri-Cri uja, amene mapiko ake ndi otalika mamita 4.9 kuchokera nsonga ina kufika nsonga inzake, amalemera makilogalamu pafupifupi 80 okha, koma amathamanga kupitirira makilomita 180 pa ola, choncho pa lamulo la ku America sangalowe m'gululi ngakhale ali wopepuka chotero. Wolemba wosamala, akatchula ndege yopepukitsitsa koyamba, awonjezere chiganizo chimodzi chofotokoza kuti akutsatira malire a dziko liti. Ndipo wophunzira wanu akamalemba za kuno kwathu, asatengere malamulo a ku America ngati kuti ndi athu, chifukwa chilichonse chonyamula munthu mumlengalenga wa Malawi chimayenera chilolezo cha akuluakulu oyang'anira za maulendo a ndege m'dziko muno.

Kalata yachitatu yachokera kwa wophunzira wa sayansi pa University of Malawi, amene wanditumizira ziganizo ziwiri kuti ndiziwongole. Walemba kuti: "Injini za jeti zili ndi mphamvu zambiri, choncho ndi zabwino kwa ndege yaing'ono. Vuto ndi lakuti zimadya mafuta, ndipo woulutsa ndege ayenera kusamala." Kenaka wafunsa ngati tiziti kudya kapena kumwa mafuta, ndiponso ngati munthu amayendetsa kapena kuulutsa ndege.

Achimwene, ndiyambire pa zosavuta. Madalaivala ndi amakaniko amanena zonse ziwiri, kuti galimoto ikudya mafuta kapena ikumwa mafuta, ndipo pocheza palibe cholakwika. Polemba nkhani ya sayansi ndikadakonda "kumwa", popeza mafuta ndi amadzimadzi, komanso "kudya" kumapereka chithunzi cha kuwononga, ngati kuti injiniyo ili ndi vuto, pamene umenewo ndiwo mkhalidwe wake. Chofunika kuposa kusankha mneni ndi kutchula muyezo. Injini imodzi ya mtundu umenewu, yotha kukankha ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 20, imamwa kupitirira theka la lita pa mphindi ikatseguliridwa moto wonse. Mukaika ziwiri pa kandege ka thanki ya malita 19, mafuta atha mphindi 20 zisanakwane. Chiganizo chotere chimauza wowerenga zambiri kuposa kungoti zimadya mafuta.

Pa "kuyendetsa" ndi "kuulutsa", dzina lokhazikika la munthu wa ntchitoyi ndi woyendetsa ndege. Kuulutsa ndege n'Chichewa chabwino ndithu, ndipo ndakugwiritsa ntchito pamwambapa ponena za tsiku limene ndege idanyamuka pansi koyamba, koma dzina lakuti "woulutsa" lidatengedwa kale ndi a pawailesi, oulutsa mawu. Palinso phindu lina posunga mayina awiriwa padera pa nkhani yanuyi. Munthu woima pansi ndi rimoti m'manja amaulutsa kandege, pamene wokhala m'kati, amene moyo wake uli momwemo, amayendetsa. Mukasunga kusiyana kumeneku kuyambira poyamba mpaka pamapeto, wowerenga sadzasokoneza mitundu iwiri ya tindegeti. Pa kalembedwe, ena amalemba kuuluka, ena kuwuluka. Sankhani chimodzi ndipo musachisinthe m'nkhani yonse.

Tsono tifike pa chiganizo chanu choyamba, chimene galamala yake ilibe banga koma chikunena zosaona. Mawu akuti "mphamvu" m'Chichewa ndi otambalala: timati mphamvu za munthu, mphamvu ya magetsi, mphamvu ya mfumu. Polemba za injini ya jeti muyenera kuwapatsa mnzake, n'kumati "mphamvu yokankha", chifukwa chimene injiniyo imachita ndi kukoka mpweya kutsogolo, kuupanikiza, kuusakaniza ndi mafuta n'kuuyatsa, kenaka kuutulutsa kumbuyo mwaliwiro lalikulu, ndipo pamene mpweyawo ukuthamangira kumbuyo ndege imakankhidwira kutsogolo. Pulopela imatenga mpweya wochuluka n'kuukankha pang'onopang'ono, pamene jeti imatenga mpweya wochepa n'kuuponya mwamphamvu kwambiri. Kwa ndege youluka pang'onopang'ono, njira ya pulopela ndiyo imapindula, chifukwa pa jeti gawo lalikulu la mafuta limathera mu mpweya wotentha umene wangotayidwa kumbuyo. Choncho "zabwino kwa ndege yaing'ono" si zoona pokhapokha mutanena kuti n'zabwino pa chiyani. N'zabwino chifukwa n'zopepuka ndiponso sizinjenjemera ngati injini za mapisitoni, koma n'zoipa pa mafuta, pa kutalika kwa msewu umene ndege imafunika kuthamanga isananyamuke, ndi pa kukhalitsa, popeza kampani ya JetCat ya ku Germany, imodzi mwa zopanga injini zimenezi, imalangiza kuti ziziunikidwa pakatha maola 25 okha zikugwira ntchito.

Anthu adazichitadi zimenezi, ndipo mungawatchule m'nkhani yanu mopanda mantha. Nicolas Charmont wa ku France adaika injini ziwiri za jeti zotchedwa AMT Olympus pa Cri-Cri m'malo mwa injini zake za pulopela. Yves Rossy wa ku Switzerland adadzimangirira kumsana phiko lokhala ndi injini zinayi za JetCat, ndipo pa 26 September 2008 adawoloka nyanja ya pakati pa France ndi England m'mphindi zosakwana 15. Ponena za Rossy musalembe kuti "adanyamuka", chifukwa kunyamuka n'kuchoka pansi, pamene iyeyu adachita kudumpha kuchokera m'ndege ina ili m'mwamba, ndipo potera adagwiritsa ntchito parachuti. Aneni akuti kunyamuka, kukwera, kutsika ndi kutera aliyense ali ndi malo ake, ndipo kutsika si kutera: ndege imayamba kutsika ikadali kutali, koma imatera pamene matayala agunda pansi, monga momwe anthu okhala pafupi ndi bwalo la ndege la asilikali la Airwing kuno ku Zomba amaonera.

Popeza mukulembera anthu a kuno, onjezeraninso mfundo yakuti manambala a mphamvu yokankha amene makampani amalemba ndi a malo otsika ofanana ndi nyanja yamchere, pa tsiku losatentha. Tauni ya Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900, ndipo pamalo okwera chotero, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November, mpweya umakhala wopepuka, motero injini imakankha mocheperapo ndipo mapiko nawo amanyamula mocheperapo. Pamenepa lembani kuti "mpweya ndi wopepuka", osati "mpweya ndi wochepa", chifukwa mawu achiwiriwa anthu adazolowera kuwamva ponena za tayala lophwa kapena za wodwala amene akubanika.