Gawo lachiwiri la Crouching Tiger musalithamangire

Achimwene, mwati mwangoonera kumene filimu ya Crouching Tiger, Hidden Dragon ndipo mukufunsa ngati gawo lachiwiri, Sword of Destiny, ndi loyenera kulithera bandulo. Ine ndikuti ayi. Amene akukuuzani kuti "muli Donnie Yen, ndiye ndi moto" angoona dzina pa chikuto basi.

Yoyamba ija ya 2000 anaikonza ndi Ang Lee, inatenga mphoto za Oscar 4, ndipo anthu ake amayankhula Chimandarini. Iyi ya 2016 Ang Lee sanaigwireko. Anaitsogolera ndi Yuen Woo-ping, yemwe mu yoyamba anali katswiri wokonza ndewu, ndipo inatulukira pa Netflix. Olemba za mafilimu ambiri anaidzudzula, ndipo dandaulo lawo linali lomwelomwe: ndewu ilimo koma nkhani ndi yopyapyala. Anaijambula m'Chingerezi, malo ambiri ndi a ku New Zealand. Tangoganizani ankhondo a ku China wakalekale akulimbirana lupanga la Green Destiny uku akuyankhulana Chingerezi. Ine zimenezi zinandiwawa kwambiri, chifukwa chimene ndinaikondera yoyamba ija ndi chikondi chosanenedwa cha Shu Lien ndi Li Mu Bai. Muno Chow Yun-fat, yemwe anali Li Mu Bai uja, mulibe, Zhang Ziyi mulibenso. Michelle Yeoh yekha, yemwe ndi Shu Lien, ndiye anabwerera, ndipo wayesetsa ndithu, koma ali ngati mlendo m'nyumba mwake momwe.

Chabwino chilimo ndi ndewu ya pa nyanja youma ndi chisanu usiku. Imeneyo ndi yokongola zedi, koma mphindi zake n'zochepa.

Data idzakudyerani yambiri kapena yochepa, malinga ndi mmene mwatchera chithunzi. Komanso chenjerani ndi anyamata oika mafilimu pa fulashi. Wina anandiikira yomwe mawu anali m'mbuyo mwa milomo, mawu olembedwa pansi osagwirizana ndi zochitika, ndalama osandibwezeranso. Muziyamba mwaisewera pomwepo musanalipire.

Ngati mukufuna gawo lachiwiri lomwe linaposa loyamba, sakani Swordsman II ya 1992. Muli Jet Li ndi Brigitte Lin, anaitsogolera Ching Siu-tung. Anthu akuuluka pa mitengo, singano zosokera zikusanduka zida, ndipo Brigitte Lin mudzamuopa uku mukumumvera chisoni. Yoyamba yake ngakhale musaionere, nkhani mudzaitsata.