Kodi nzeru amaziyeza pa sikelo yanji?

Mnyamata wina wa ku Ngabu wandilembera. Amakonza mafoni komanso ndi ejenti wa Mpamba ndi Airtel Money. Akufunsa kuti akamanena kuti chuma cha dziko chikukula chifukwa cha nzeru ndi luso, amayeza bwanji, nanga ntchito yakeyo imawerengedwa?

Achimwene, funso lanuli landikhudza pamtima. Akatswiri a zachuma amatenga mtengo wa zonse zimene dziko lapanga pachaka, umene amautcha GDP, n'kugawa ndi chiwerengero cha antchito kapena maola amene agwira. Pa kukula kwa chumacho, akachotsa gawo lobwera chifukwa chowonjezera makina ndi anthu, chotsalacho ndicho amati luso, njira imene katswiri wa zachuma Robert Solow anaifotokoza mu 1957. Ku Nchalo n'kosavuta, shuga amakwera pa sikelo, matani amalembedwa.

Koma taonani azakhali anga ku Makhanga. Madzi osefukira a mu 2015 anawapeza ali m'tulo, mbuzi zonse zinapita ndi mtsinje wa Ruo. Pamene namondwe wa Freddy ankabwera mu 2023, chenjezo linawafikira msanga pa wailesi ndi pa kafoni kawo kosweka galasi, komangidwa ndi mphira. Anakusa mbuzi kupita kumtunda, thumba la mapira pamutu. Mbuzi zopulumukazo sizinalembedwe m'buku lililonse la boma. Koma mlatho ukakokoloka n'kumangidwanso, ndalama zake zimalowa mu GDP ngati ntchito yatsopano. Zimenezi zimandiwawa, ndipo ndikunenetsa kuti muyeso wotere ndi wopunduka. Kuno kuchigwa, phindu lalikulu la nzeru ndi zimene sitinataye.

Chimodzimodzi mlimi wa thonje amene wamva mtengo pafoni, n'kukana kugulitsa motchipa kwa vendala. Nanga Kapichira? Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi aja mu 2022, ndani anawerenga masiku amene inu okonza mafoni munangokhala manja lende? Masomphenya a chitukuko cha dziko lino a Malawi 2063 amakamba za anthu aluso, koma luso popanda magetsi limangofota.

Tsono yankho lanu

Ntchito yanu imalowamo, koma mongoyerekeza, chifukwa mabizinesi ang'onoang'ono ambiri sali m'kaundula. Sungani kabuku ka ndalama zolowa ndi zotuluka tsiku lililonse, ndipo a National Statistical Office a ku Zomba, ofesi ya boma yosonkhanitsa ziwerengero, akabwera ndi mafunso awo a kafukufuku, musawabisire poopa msonkho.