Yankho kwa amalume pa nkhani ya torrent ndi NVDA

Eee, amalume, ndamva uthenga wanu uja. Mwafunsa ngati pulogalamu za torrent, zokopera mafayilo pa intaneti, zingatheke ndi NVDA, pulogalamu yowerengera anthu osaona zimene zili pa sikirini, poti mukufuna mabuku omvera a LibriVox amene ali pa webusaiti ya Internet Archive. Zimatheka ndithu, musade nkhawa. Ine ndingati tengani qBittorrent. Ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo zambiri mumachita ndi kiyibodi basi. uTorrent ndi imene anthu ambiri amaitchula, koma yaulere yake ili ndi zotsatsa, ndiye kwa munthu woyendera khutu limenelo ndi phokoso chabe.

Choyamba mumvetse mmene chinthuchi chimayendera, chifukwa pagona nkhani ndi pamenepa. Njira imeneyi anaiyambitsa Bram Cohen mu 2001. Fayilo imaduliwa tizidutswa tambirimbiri, ndiye kompyuta yanu imatolera tizidutswato kwa anthu osiyanasiyana nthawi imodzi. Koma nanunso mumapereka. Kachidutswa kakangofika kwa inu, ena amayamba kukatenga kwa inu. Ngakhale buku litatha kulowa, pulogalamu imapitiriza kutumizira ena, ndiye zimene amati seeding zija. Woona amangoponya diso pakona n'kuzindikira kuti chinthu chikadali kuyenda. NVDA siidzakuuzani yokha, pokhapokha mupite kukafunsa. Ndiye data imangotha mwakachetechete, inu muli phee kumvera buku lanu.

Ndiye musanakopere kalikonse, muli mu qBittorrent, dinani Alt ndi O, zitsegule Options. Mutsike pa BitTorrent, muyende ndi Tab mpaka mumve Seeding Limits. Pamenepo mumaiuza kuti ikatumiza mpaka pakutipakuti, kapena pakatha mphindi zakutizakuti, iime. Pa Speed palinso pochepetsera liwiro lotumizira. Ndipo mukamaliza, tulukani ndi Control ndi Q. Alt ndi F4 nthawi zambiri imangoibisa pafupi ndi wotchi paja, ikadali kugwira ntchito. Mukafuna kutsimikiza, dinani Windows ndi B, muyende ndi mivi, mumve ngati dzina lake likutchulidwa.

Kukopera kwenikweniko n'kosavuta. Muli pa tsamba la bukulo, dinani batani la NVDA ndi F7, ibweretse mndandanda wa ma link onse, mufufuze pamene akuti torrent, mudine kuti kafayilo kake kalowe mu kompyuta. Kafayilo kakang'ono kameneko mukatsegule mu qBittorrent ndi Control ndi O. Akakupatsani magnet link, imene ndi link yolowa m'malo mwa kafayilo kaja, ndi Control, Shift ndi O, n'kumata. Ikufunsani kosungira, musankhe foda imene mumaidziwa bwino. Mukakhala pa mndandanda wa zimene zikulowa, Shift ndi F10 imatsegula menyu yoimitsira kapena kupitiriza.

Pali malo awiri amene ndikupempha kuti muzimvetsera mpaka NVDA imalize kulankhula, osaidula pakamwa. Poyamba ndi pofufuta. Mukadina Delete pamabwera kabokosi kofunsa ngati ifufutenso mafayilo enieniwo. Mukamva kuti checked, n'kudina Enter mwachangu, buku lonse lapita. Muyenera kumva not checked ngati mukungofuna kuchotsa pa mndandanda. Kwinako ndi mathero a dzina la fayilo. Windows imabisa mathero amenewa, ndiye mu File Explorer, pa View, muyatse File name extensions. Buku lomvera lithere ndi mp3 kapena m4b. Mukamva exe kumapeto kwa chinthu chimene amati ndi buku kapena nyimbo, musatsegule, chotsani. Ma virus ambiri amalowera pamenepo.

Chinanso, amalume, aliyense amene akukopera fayilo yomweyo amatha kuona IP address yanu, nambala imene mumadziwika nayo pa intaneti, palibe chobisika. Za LibriVox zilibe vuto, chifukwa ndi mabuku akale amene umwini wake unatha, owerengedwa ndi anthu ongodzipereka. Koma mafilimu ndi nyimbo zatsopano zimene anyamata angakutumizireni ma link ake, zimenezo zili ndi eni ake, ndipo pa torrent simungotenga, mumagawiranso ena. Ine sindingakulimbikitseni.

Ikani kaye pulogalamuyo kuchokera pa qbittorrent.org, osati pa link ina iliyonse. Mukafika pa Seeding Limits paja mundiimbire, muike foni pafupi ndi sipika kuti ndizimva zimene NVDA ikunena, tidutsemo limodzi.