Banja likatha kuno ku Joni, katundu musamugonere

Lamulungu usiku anandiimbira foni mwana wa akulu anga, akulira. Khoti linathetsa banja lake chaka chatha, n'kulamula kuti galimoto igulitsidwe agawane ndalama. Bambo wa ana ake waigulitsa mwakachetechete, ndipo foni sakuyankhanso. "Amayi aang'ono, ndipite kupolisi?" Zomwe ndinamuyankha ndati ndizilembe pano kuti inu amene mwangofika kumene mumve, amayi ndi abambo omwe, chifukwa kuberedwa kotere sikusankha.

Choyamba, za kupolisizo. Mukapita adzakuuzani kuti nkhani ya katundu wa m'banja ndi ya kukhoti, mudzangotaya tsiku la ganyu. Pomwe angakuthandizeni ndi pamene munthuyo akukuopsezani kapena wakutsekerani zovala ndi pasipoti. Pamenepo pitani ku khoti la majisitireti mukapemphe chikalata chokutetezani, chomwe amati protection order, pansi pa lamulo loletsa nkhanza za m'banja, Domestic Violence Act ya 1998, ndipo khoti likhoza kulamula wapolisi akuperekezeni kukatenga zanu. Koma chonde musathyole loko nokha, ngakhale firijiyo munagula ndinu. Kuno wolanda ndi manja ake amalamulidwa kubweza kaye, za mwini wake zimakambidwa pambuyo.

Chachiwiri, ndipo apa mvetsetsani: zomwe munagwirizana pamaso pa abale kapena abusa ndi zabwino, koma sheriff, yemwe ndi mthenga wa khoti wokakwaniritsa zigamulo, sayenda ndi mawu apakamwa. Mgwirizano wanu ulembedwe, usainidwe, ndipo woweruza ausandutse chigamulo cha khoti. Chikakhala chigamulo muli ndi mano. Akakana kutsatira, loya wanu akhoza kumusumira mlandu wonyoza khoti, womwe umafikitsa munthu kundende. Ngati ndi ndalama, khoti limapereka kalata yoti sheriff akalande katundu wake n'kugulitsa. Ngati akungozengereza kugawana, pemphani khoti lisankhe munthu wapadera, amati liquidator, kuti asonkhanitse zonse, agulitse, agawe. Ngongole wamba imafa pakatha zaka 3, yogamulidwa ndi khoti imakhala zaka 30. Koma zaka 30 zimenezo zisakugonetseni tulo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Chigamulo sichiyenda chokha, chimafuna mwini wake achiyendetse.

Mukangomva mphekesera yoti akufuna kugulitsa nyumba, tsiku lomwelo thamangani kwa loya mukapemphe chiletso cha khoti, chomwe kuno amati interdict, ndipo chikalembetsedwe ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa eni nyumba ndi malo. Chikalembedwa kumeneko nyumbayo singasinthe dzina. Mukachedwa, n'kugula munthu yemwe samadziwa kanthu, kuibweza kumavuta kwambiri, mumatsala ndi kuthamangitsa gawo lanu la ndalama kwa munthu yemwe mwina wazidya kale. Galimoto ndiye imapita msanga koposa. Sungani nambala yake, chithunzi cha mapepala ake, ndipo mukaiona akuitsatsa pa Facebook jambulani pomwepo, mtengo ndi tsiku zioneke.

Ine zimene zinandipweteka sizinali za kuno ayi, zinali za kumudzi. Ndinkapukuta m'nyumba za eni ake, mawondo kutupa, ndalama n'kumatumiza kuti timange. Banja litatha, bambo uja anangoimbira mchimwene wake, poloti pamodzi ndi nyumba yofika pa windo zinagulitsidwa ine ndili kuno. Alamu anga omwe ankalandira ndalamazo ndi manja awiri ndi omwe anaima n'kunena kuti sanaonepo tambala yanga. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa, osati chifukwa cha njerwa zokha, koma kuti ana anga alibe pomwe angaloze kuti apa ndi pathu. Anthu amene ndinkawagulira mankhwala akadwala!

Ndiye chachitatu n'chimenechi: khoti la ku South Africa lilibe dzanja pa malo a ku Malawi. Za kumudzi zimafuna khoti la kumudzi. Lamulo liliko ndipo lili kumbali yanu. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lathu limati mayi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu wa onse awiri banja likatha, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limauza khoti kugawa mwachilungamo, poyang'ananso ntchito zapakhomo ndi kulera ana, osati ndalama zokha. Ngati malowo ali ndi mapepala a boma, loya akhoza kukaika caution ku ofesi ya malo kuti asagulitsidwe, kapena kukatenga chiletso kukhoti. Opanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Malisiti onse otumizira ndalama, a Mukuru kaya a kubanki, ndi mauthenga a pa WhatsApp onena za simenti ndi malata, musafufute. Umboni wanu ndi umenewo. Ndipo mukamapatsa mbale wanu kalata yoti akuimirireni, ilembedwe ntchito imodzi yokha yomwe mwamutuma. Kalata yomupatsa mphamvu pa zonse ndi imene amagulitsira malo.

China chomwe ambiri amanamizana m'ma taxi: akuti kuno zonse ndi hafu hafu. Inde, lamulo la kuno limati okwatirana popanda mgwirizano wapadera katundu wawo ndi wa onse, ndipo lamulo la 1984 limati wina sangagulitse nyumba popanda mnzake kusaina. Koma ngati munakwatirana muli ku Malawi, khoti la kuno likhoza kugwiritsa ntchito lamulo la kwathu pogawa. Funsani loya za zimenezi tsiku loyamba. Ndipo amene mukungokhalira limodzi osalembetsa, dziwani kuti kuno kukhalitsa sikusandutsa chibwenzi kukhala ukwati, ngakhale mutabereka ana. Chomwe mwagula ndi ndalama zanu chilembedwe dzina lanu.

Penshoni musaiwale. Ngati munali nayo gawo, chigamulo chitchule dzina lenileni la thumba la penshonilo, apo ayi eni thumba adzakana kulipira. Ngongole ya nyumba nayonso: dzina lanu likadali kubanki, iye akasiya kulipira, banki idzabwera kwa inu, za kutha kwa banja sizikuikhudza.

Chomaliza chomwe chimandikwiyitsa ndi mantha. "Ukandisumira ndikuneneza ku Home Affairs." Ambiri asiya thukuta lawo chifukwa cha mawu amenewa. Gawo 34 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wokaonekera kukhoti, silinena kuti nzika zokha. Ngati mapepala anu ali ndi vuto, kapena chitupa chanu chinadalira ukwati womwe wathawo, muuzeni loya poyamba pomwe, asakazimvere kwa mdani wanu. Pitani ku Legal Aid South Africa kapena ku ma law clinic a m'mayunivesite monga wa Wits. Anyamata oima panja pa khoti onena kuti amadziwana ndi woweruza musawapatse ndalama, ngakhale akulankhula Chichewa. Loya weniweni dzina lake limapezeka ku Legal Practice Council, kafufuzeni kumeneko musanalipire.