Malume ayankha za hatchi yomwe yayamba kuluma

Eee, mphwanga, ndine malume ako kuno ku Dzivarasekwa, mu Harare. Uthenga wako ndaumvetsera kawiri. Ndati ndiyankhire pagulu pompano kuti amayi ako amve nawo, pakuti ndaona alemba kuti usiye ntchitoyo isanakuthyole mwendo. Achemwali, mtima m'malo, mwanayu wafunsa funso labwino.

Ukuti hatchi yaikazi ija ya zaka 8, imene ukuisamala ku khola la ku Umwinsidale, yasintha m'masabata awiri apitawa. Ukabwera ndi burashi ikugoneka makutu kumbuyo, ukafika pamimba ikutembenuka kufuna kukuluma, ukamamanga lamba wa chishalo ikuponda pansi ndi kukwapula mchira. Chakudya cha m'thumba ikungonyinyirika nacho. Abwana ako akuti ndi mwano, uziikwapula. Ndiye ukufunsa ngati ndi mwanodi kapena ikudwala.

Usaimenye. Ndikubwereza, usaimenye. Ine ndagwira mahatchi zaka zoposa 30 m'makola a kufupi ndi bwalo la mpikisano wa mahatchi la Borrowdale Park uko, ndipo hatchi yamwano imadziwika kuyambira ili yaing'ono. Koma imene inkakulola kuipesa thupi lonse mwezi watha, lero n'kumakuthamangitsa, ndiye kuti penapake pakuipweteka. Ukaikwapula idzangophunzira kuti dzanja lako limabwera ndi ululu wowirikiza, ndipo tsiku lina idzakumenya ndi chiboda popanda kukuchenjeza.

Mawa m'mamawa, usanaipatse chakudya, yamba ndi zoopsa zija kuti tizichotse m'njira. Tenga themomita, imirira cham'mbali, osati kumbuyo kwake, ukweze mchira n'kuyeza. Thupi la hatchi limayenera kukhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5. Likapitirira pamenepo, palibenso zodikira, dokotala wa ziweto abwere tsiku lomwelo. Kweza mlomo wam'mwamba uone nkhama. Zizikhala zofiirira pang'ono ndiponso zonyowa. Zikakhala zachikasu kapena zoyera mbuu, ganizira matenda a nkhupakupa aja timawatchula biliary, amene amawononga magazi. Uonenso timaenje tija tili pamwamba pa maso. Tikatupa n'kudzadza, ameneyo akhoza kukhala horse sickness, matenda obwera ndi tintchentche tating'onoting'ono toluma madzulo ndi m'bandakucha. Amavuta kwambiri mvula ikakhazikika, cha mu February mpaka April, n'chifukwa chake katemera amabayidwa mvula isanayambe. Funsa buku la katemera la hatchi imeneyo, uone ndi maso ako.

Pali matenda awiri amene ndimawaopa kwambiri hatchi ikayamba kudana ndi kukhudzidwa. Oyamba ndi kafumbata. Kachirombo kake kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, kamalowa pabala laling'ono, makamaka msomali ukabaya pansi pa chiboda. Hatchi yake imadzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, imayenda mouma ngati miyendo ndi mitengo, mchira umaima, nsagwada zimalimba, ndipo ukaikweza mutu kachikope koyera kaja ka m'kona mwa diso kamatulukira n'kuphimba diso. Achiwiri ndi chiwewe. Kuno ku Zimbabwe chimabwera ndi agalu ndi nkhandwe, ndipo mbali za ku Umwinsidale kuli tchire, usaderere. Hatchi ikayamba kudziluma yokha, kutuluka dovu, kuzandima, usapise dzanja m'kamwa mwake. Ikakuluma n'kutuluka magazi, tsuka ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Koma matenda awiriwa amathamanga, m'masiku ochepa hatchi imakhala itaipiratu. Yakoyo yatha masabata awiri ikuyenda ndi kugwira ntchito, ndiye mtima wanga suli pamenepo.

Mtima wanga uli pa zilonda za m'mimba. Mvetsetsa apa, chifukwa anthu ambiri m'makola sazidziwa. Mimba ya hatchi ndi yaing'ono poyerekeza ndi thupi lake, ndipo imatulutsa asidi usana ndi usiku, kaya muli chakudya kaya mulibe. Hatchi inalengedwa kuti izidya udzu pang'onopang'ono pafupifupi maola 16 pa tsiku. Ikamatafuna imatulutsa malovu, ndipo malovuwo ndi amene amaziziritsa asidi uja. Ikasiya kutafuna, malovunso amachepa. Tsono ife timaitsekera m'khola, timaipatsa chakudya cha m'thumba m'mawa ndi madzulo, udzu umatha pakati pausiku, kukacha n'kuimanga chishalo kupita kukathamanga ndi mimba yopanda kanthu. Mbali ya kumtunda ya mimbayo ilibe chitetezo chokwanira, ndiye ikamathamanga asidi amakhavukira kumeneko n'kuotcha. Mahatchi ambiri a mpikisano ali ndi vuto limeneli.

Ndinali ndi ina yofula, yakuda, kalekale pa khola lina. Inali yofatsa moti mwana ankatha kuitsogolera. Itayamba maphunziro othamanga inasintha: kuluma pomanga lamba, kukukuta mano, kusiya chakudya chitatsala theka, ubweya kuyamba kuuma. Tonse tinkaitcha yankhanza, ine ndemwe ndinaimenyapo ndi chingwe, ndipo mpaka lero zimandiwawa ndikakumbukira. Dokotala atabwera anati igone ndi njala usiku, m'mawa n'kulowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera m'mphuno mpaka m'mimba. Anandiitana kuti ndione. Mphwanga, munali zilonda zofiira ngati munthu wapsa ndi phala. Anaipatsa mankhwala otchedwa omeprazole, kamodzi pa tsiku m'mawa isanadye, kwa masiku 28. Sabata yoyamba isanathe inayambanso kumaliza chakudya, ndipo pakutha pa mwezi inkandigoneka mutu paphewa monga kale.

Zimene ungachite iwe wekha popanda ndalama ndi izi: udzu wouma usamathe m'khola, usiku onse uzikhalamo. Isanapite kukagwira ntchito, ipatse msipu uja wa lucerne wodzadza manja awiri, idye kaye kwa theka la ola, kuti m'mimba mukhale chophimba asidi. Chakudya cha m'thumba chigawe katatu kapena kanayi m'malo mwa kawiri. Ndipo wina akakuuza kuti uithire bute, mankhwala aja oletsa ululu, m'chakudya kuti ifatse, kana mwaulemu mpaka dokotala aione. Bute amabisa ululu, komanso akaperekedwa masiku ambiri iye mwini amawonjezera zilonda.

Dikira pang'ono, adzukulu akusokosa pakhomo apa. Eya, ndabwerera.

Chachiwiri, msana ndi chishalo. Apa tangochoka m'chilimwe, msipu unauma, mahatchi ambiri atsika thupi. Chishalo chimene chinkakhala bwino mu April chikhoza kukhala chikukanikiza fupa tsopano. Chiike pamsana popanda kansalu kapansi, uone ngati zala ziwiri kapena zitatu zikulowa pakati pa chishalo ndi fupa lija lotukuka pamwamba pa mapewa. Ikabwera kothamanga, chotsa chishalo uone thukuta. Pakakhala malo ouma pakati pa ponyowa, kapena ubweya woyera umene kale kunalibe, pamenepo pakupsinjika. Kenaka yendetsa dzanja pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri za msana, kuyambira pakhosi mpaka pamchira, maso ako ali pa makutu ake. Pamene ikunyonyomala kapena kunjenjemera khungu, pakumbukire. Nthawi zina mafupa a msana amayandikana mpaka kukhudzana, zimene madokotala amati kissing spines, ndipo zimenezo zimaoneka pa X-ray. Ukapeza minofu ya m'matako yalimba ngati thabwa itangobwera kuntchito, ikutuluka thukuta, mkodzo uli wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, usaiyendetse, isiye pomwepo uitane dokotala. Zimachitika kawirikawiri hatchi ikapuma Lamlungu ikudya chakudya chonse, Lolemba n'kuithamangitsa.

Khungu usaliiwale, chifukwa nthawi zina timafufuza kutali chinthu chili pamphuno. Nkhupakupa zimabisala m'makutu, pansi pa mchira, ndi pakati pa mawere. Imodzi yokha ya kamwa lalitali ija ikaluma pamimba imasiya chotupa chopweteka kwambiri. Pisa dzanja mosamala kuseri kwa miyendo yakutsogolo pamene lamba amadutsa, uone ngati sipananyuke. Lamba wauve wouma ndi thukuta amacheka ngati mpeni. Ukaona timalo tozungulira tothothoka ubweya, chimenecho ndi chipere, chimayenda ndi burashi kuchoka pa hatchi ina kupita pa inzake, ndipo chimagwiranso munthu, ndiye samba m'manja usanapite kwa ana. Mvula ikayamba kumabweranso nkhanambo pamsana, zimene ukazikoka zimachoka ndi ubweya.

Popeza ndi yaikazi, pali chinanso. Masiku akayamba kutalika, kuyambira cha mu September, mahatchi aakazi amayamba nyengo yawo yofuna yamphongo. Imabwera pafupifupi masiku 21 aliwonse, n'kukhala masiku asanu kapena sabata. Ena nthawi imeneyo safuna kukhudzidwa m'nthiti ndi m'chiuno, amakodza pafupipafupi, amalira akayandikiridwa. Gula kabuku kotchipa, uzilemba tsiku lililonse mmene yakhalira. Ikafatsa kenaka n'kuyambiranso patapita masabata atatu, yankho ndi limenelo. Koma ikamangokhala yaukali osalekeza, kumachita ngati yamphongo, kukwera zinzake, dokotala ayeze malo opangira mazira, chifukwa nthawi zina pamamera chotupa, ndipo akachichotsa imabwerera mwakale.

Mano ndingonena mwachidule. Amakula moyo wonse, amasongoka m'mphepete n'kumacheka masaya. Ukaona ikugwetsa timibulu ta udzu wotafuna theka, kapena kukana chitsulo cha m'kamwa, funsa kuti anawapala liti. Aziwaona kamodzi pa chaka.

Tsono za abwana ako. Ndikudziwa kuti wangoyamba kumene ntchito ndipo ukuopa kuoneka ngati ukuwaphunzitsa. Usakangane nawo, ndipo usanene kuti alakwitsa. Pita ndi zimene waona: kutentha kwa thupi kunali kwakuti, chakudya chikutsala chochuluka chonchi, ikuluma ndikakhudza pamalo akuti. Jambula kavidiyo pafoni pamene ukumanga lamba, wina ataigwira kumutu, ndipo lambayo uzimanga bowo limodzi, kuyenda nayo pang'ono, kenaka bowo lina. Eni mahatchi amamva msanga ukawaonetsa chinthu chooneka, chifukwa hatchi imeneyo anaigula ndalama zambiri. Madokotala odziwa mahatchi mu Harare muno alipo, ngakhale ku yunivesite ku Mount Pleasant kuli chipatala cha ziweto.

Kavidiyoko unditumizirenso ine, pamodzi ndi chithunzi cha nkhama ndi cha ndowe zake. Ukamaipesa masiku ano gwiritsa ntchito burashi yofewa, ukhale pafupi ndi phewa lake, ndipo khomo la khola likhale kumbuyo kwako. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ndikwera kombi ndidzaione ndekha, ngati abwana ako angalole. Achemwali, mwamva, mwana wanu sakusiya ntchito. Mphwanga, mawa ukangoyeza thupi undiimbire, ndimadzuka 5 koloko.