Kwa mdzukulu amene akuopa kugwira Baibulo kukhoti

Mdzukulu wanga wa ku Ngabu, uthenga wako wandipeza. Ukuti akuitana kukhoti kukaikira umboni pa mlandu wa malire a dimba, koma mpingo wako suloleza kulumbira, ndiye ukuopa kuti ukakana Baibulo akutenga ngati wabodza. Mtima pansi. Ukangowauza a khoti kuti sulumbira, akulola kulonjeza ndi pakamwa pako kuti unena zoona zokhazokha. Umboniwo amaulandira chimodzimodzi ndi wa wolumbira, ndipo ukanama mlandu wake ndi womwewo. Ngakhale Pulezidenti polandira udindo, malamulo aakulu a dziko a 1994 amamulola kusankha njira imeneyi. Ku England a mpingo wa Quaker anaipeza kale m'ma 1690, ena atalowera ndende chifukwa cha mawu a pa Mateyu 5 aja, akuti inde wanu akhale inde.

Koma ine ndimayembekeza kuti undifunsa china. Malirewo unawaponda ndi mapazi ako?

Kale madzi a Shire akaphwa, tisanagwire khasu, atsibweni ankasonkhanitsa mbumba yonse, ndi ana omwe. Timayenda m'matope ofika m'mawondo, iwo patsogolo ndi ndodo. Apa pali chitsa cha mgwalangwa, apo chulu, uko bango limene anadzala malemu amayi awo. A dimba loyandikana nalo amakhalanso pomwepo, akuvomera. Mwana ukayamba kuthamangitsa ziwala amakukoka khutu, amvekere, "Taona bwino iwe, mawa ife kulibe." Khutu limenelo silinkaiwala.

N'chifukwa chake pabwalo la mfumu munthu sankafunika kugwira chilichonse. Amakhala pansi, kuomba m'manja, n'kunena zimene anaona, abale ake ali pambuyo pake akumva. Ukanama apo, manyazi amagwera mtundu wonse, ndipo mawa pa mlandu wako palibe amene akanakuimira. Kulumbira kunalipo, sindikana. Munthu zikamufika pakhosi ankati "pali malemu amayi anga", kapena "ng'ona indigwire", bwalo lonse n'kukhala zii, pakuti mawa lake lomwelo amakwera bwato. Enafe tinakula osamva bambo athu akutchula mawu otere. Za mwabvi, umene boma la atsamunda linaletsa mu 1911, agogo anga ankazikamba monong'ona, ndipo sindizilakalaka ngakhale pang'ono, unapha anthu osalakwa.

Lero ana inu "pali Mulungu" ali pakamwa tsiku lonse, ngakhale pa ngongole ya mayunitsi. Sindikunena iwe, iwe waleredwa bwino, ndipo mantha akowa akusonyeza kuti dzina la Chauta sukulipeputsa. Chimene chimandiwawa n'chakuti ana sakupitanso nawo kumalire. Madzi a 2015 aja ndi a Freddy mu 2023 anakokolola zitsa ndi zulu, mchenga unakwirira minda, ndipo akuluakulu ambiri odziwa malo anatisiya osalozera munthu. Tsopano mnyamata amaimirira kukhoti, dzanja m'mwamba, kufotokoza za dimba limene anangoliona pa chithunzi cha pafoni.

Tsiku la mlandu lisanafike, pita kwa atsibweni ako akadali ndi mphamvu, akakuyendetse m'dimbamo, muitanenso a mbali inayo ngati angalole. Kukhoti ukasiyanitse zimene unaona wekha ndi zimene anakuuza, ndipo akakufunsa chimene sukuchidziwa, ukangoti sindikudziwa. Undipatsire moni kwa amayi ako, uwauze kuti mbewu ya mapira ija ndikuidikirabe.