Mjigo wathu wafa: tigogode khomo la khansala, la phungu kapena la a DC?

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina wa m'boma la Salima, msungichuma wa komiti ya mjigo m'mudzi mwawo. Tayifupikitsa, koma mawu ndi awo: "Mjigo wathu unayamba kuvuta mu Okutobala chaka chatha. Tinasonkha ndalama, makaniko anabwera kawiri, koma umangogwira sabata imodzi n'kufanso. Pano tikutunga kudambo. A khansala anati tikaonane ndi aphungu, aphungu anati nkhaniyi ndi ya kukhonsolo. Tigogode khomo liti kuti atimve?"

Pepani mayi ndi mavutowa. Madzi a kudambo si omwetsa ana, makamaka kuno kunyanja komwe kolera wa 2022 ndi 2023 anatisiyira maliro ambiri. Khomo lilipo, koma silitseguka ndi pakamwa. Khonsolo imaika ndalama pa zinthu zolembedwa m'mapulani ake, ndipo pempho lomwe munanena pamsonkhano wa ndale kapena pamaliro, ngakhale wolonjezayo anali ndi mtima wabwino, silinalembedwe paliponse. Musanalembe kalikonse, dziwani kaye chimene mjigo wanu ukudwala, chifukwa ndicho chimaonetsa ngati ntchitoyi ndi ya mudzi kapena ya khonsolo.

Mijigo yambiri m'midzi ya kuno ndi ya mtundu wa Afridev. Anaipanga mwakuti mudzi uzitha kusolola zamkati popanda makina, ndipo ndondomeko ya boma imati tizipangizo totha msanga agule ndi amene amamwa madziwo. Tizipangizo timeneti ndi labala wa pa pulanja (chokankhira madzi m'mwamba) amene amakaniko amati U-seal, O-ring wa pa futivavu (chotsekera madzi kuti asabwerere pansi), tizibobini tiwiri, mabushi anayi a pulasitiki a pa chogwirira, ndi timalabala tokhala pomwe marodi alumikizana kuti asamakhule paipi. Mukapita kwa a DC ndi nkhani ya U-seal adzakubwezani, ndipo sadzakhala atalakwa.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Pa tsiku lomwe mjigo ukutulutsako madzi, jigani mpaka madzi ayambe kutuluka, kenako ikani chigubu cha malita 20 n'kujiga maulendo 40 athunthu, chogwirira chizifika pamwamba ndi pansi, pa mphindi imodzi. Mjigo wabwino umapereka malita pafupifupi 16, chigubu n'kutsala pang'ono kudzadza. Madzi akalephera kufika ndi theka lomwe, ganizirani U-seal kapena bobini. Mukatero usiyeni mphindi 30 osaukhudza, n'kuyambanso kujiga mukuwerenga. Ngati madzi sanatuluke pomwe mwajiga kasanu, ndiye kuti akubwerera pansi: futivavu ikudontha kapena paipi yang'ambika penapake. Chogwirira chikamagwedera uku ndi uku chikulira, mabushi atha, ndipo mukawalekerera chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, zomwe mtengo wake ndi wina. Chikapepuka kotheratu ngati mulibe kanthu, rodi yamasuka kapena yaduka.

Zonsezi makaniko wa m'dera amazitha. Koma inu mwati wabwera kawiri ndipo umafa pakatha sabata, komanso kuti vuto linayamba mu Okutobala. Zinthu ziwirizi zikutiganizitsa kuti nthenda ili pansi. Labala watsopano akamatha m'masiku ochepa, kawirikawiri mumakhala mchenga womwe ukumupala, kapena mkati mwa silinda, momwe pulanja imayendamo, mwakalika. Tungani madzi m'chidebe choyera, muwasiye ola limodzi, muone pansi. Mukapeza mchenga wosalala ngati ufa, ndiye kuti sefa ya paipi yaikulu ya m'chitsime yawonongeka kapena timiyala tosefera sitinaikidwe bwino pokumba. Malo ambiri m'chigwa cha Salima, kuyandikira nyanja ndi m'mbali mwa mitsinje ngati Linthipe, ndi amchenga, choncho vutoli si lachilendo. Kuchotsa mchengawo kumafuna kompuresa youzira m'chitsime, ndipo imeneyo si ntchito yosonkherana K500 pakhomo. Ngati mjigo umatulutsa bwino m'mamawa n'kumauma dzuwa likakwera m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, madzi amatsika kupitirira pomwe silinda ili. Nthawi zina kuwonjezera paipi imodzi kapena awiri ndi marodi ake, chilichonse chotalika pafupifupi mamita 3, kumathetsa nkhani, bola chitsime chikhale chakuya mokwanira. Afridev imakoka bwino mpaka mamita 45 basi. Madzi amchere okha ndiwo alibe mankhwala: pamafunika malo ena.

Munthu woyenera kutsimikizira zonsezi ndi mlangizi wa zamadzi wa m'dera lanu, amene ambiri amangomutchula kuti WMA. Iyeyu ali pansi pa ofesi ya zamadzi ya khonsolo. Mupempheni abwere pamodzi ndi makaniko, asolole, ayeze kuya kwa chitsime ndi pomwe madzi alekezera, ndipo alembe zomwe wapeza papepala, asaine. Pepala limeneli ndilo mutu wa nkhani yanu yonse. Popanda ilo, aliyense amene mudzamupeze adzakuuzani kuti mukagule labala.

Tsopano njira ya kukhonsolo. Chichokereni 1998, pomwe dziko lino linakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi ndondomeko ija timati mphamvu ku anthu, chitukuko chimayenera kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Poyambira ndi VDC, komiti ya chitukuko ya m'dera la a gulupu. Pamwamba pake pali ADC, ya m'dera la mfumu yaikulu, monga kwa Khombedza, kwa Kalonga, kwa Maganga, kwa Pemba kapena kwa Ndindi. Pambali pa ADC pamakhala AEC, gulu la alangizi a boma ndi a mabungwe ogwira ntchito m'deralo, a zaumoyo, a zaulimi, a zamadzi, a zachitukuko cha m'midzi, omwe amaunika ngati chopemphedwacho n'chotheka. Kuchoka apo nkhani imafika kuboma, kwa mkulu wa mapulani ndi chitukuko, n'kukambidwa m'komiti ya akuluakulu a nthambi zonse yomwe a DC amaitsogolera. Omaliza kuvomereza ndi makhansala pamsonkhano wa khonsolo yonse.

Apa pali chinthu chomwe anthu ambiri amachisokoneza. A DC ndi mkulu wa ogwira ntchito pakhonsolo ndiponso woyang'anira ndalama, koma sangangotenga ndalama n'kukukumbirani mjigo womwe suli mubajeti. Akatero ndi mlandu pa nthawi ya kafukufuku wa zachuma. Khansala naye alibe thumba lakelake. Mphamvu yake ndi mawu ndi voti m'makomiti a khonsolo, ndipo mawuwo amalemera akakhala ndi mapepala ochokera ku VDC ndi ku ADC. N'chifukwa chake sitikugwirizana ndi yankho lakuti "kaonaneni ndi aphungu". Kunyamula nkhani ya wodi yake kupita nayo kukhonsolo ndiyo ntchito yeniyeni ya khansala. Mwina chizolowezi chothamangira kwa phungu chinakula chifukwa kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, koma masiku amenewo anapita.

Chitani motere. Komiti ya mjigo ilembe kalata ya tsamba limodzi yopita kwa wapampando wa VDC kudzera kwa a nyakwawa. M'kalatamo mukhale dzina la mudzi ndi la a gulupu, chiwerengero cha mabanja ndi cha anthu amene amadalira mjigowo, chaka chomwe unakumbidwa ndi amene anakumba ngati mukudziwa (kawirikawiri zimalembedwa pa simenti ikadali yaiwisi, kayang'aneni pafupi ndi ngalande), tsiku lomwe unafa, ndalama zomwe mwawononga kale ndi malisiti ake, komanso mtunda wokafika pa madzi abwino apafupi. Manambala awiri akuthandizani kwambiri: muyezo wa boma ndi wakuti mjigo umodzi uzitumikira anthu pafupifupi 250, ndipo munthu asamayende kupitirira mamita 500 kukatunga. Ngati muli anthu 600 ndipo mjigo wina uli pa mtunda wa makilomita awiri, lembani choncho m'manambala. Ngati pali sukulu, sikelo ya ana kapena sukulu ya mmera mpoyamba yomwe imamwa pomwepo, itchuleni. Funsaninso alangizi a zaumoyo ngati matenda otsegula m'mimba achuluka m'mudzimo chifereni mjigo, ndipo ngati ndi choncho alembepo mzere umodzi. Phatikizani lipoti la WMA lija.

Kalatayo ikhale makope atatu, onse odindidwa chidindo cha amfumu. Limodzi la VDC, lina la khansala, lina lanu losunga m'buku la komiti.

Pomwe mapempho ambiri amafera ndi pakati pa VDC ndi ADC. Msonkhano umachitika, anthu amavomereza ndi m'manja momwe, koma mlembi salemba, kapena alemba papepala lomwe limasowa. Pemphani kuti nkhani ya mjigo ilowe m'maminitsi a VDC komanso mu VAP, ndondomeko ya zofuna za mudzi yomwe imasanja mavuto kuyambira lalikulu. Malo ake pamndandanda ndi ofunika zedi. Mjigo ukakhala nambala 7, kumbuyo kwa mlatho, nyumba ya aphunzitsi ndi bwalo la mpira, sudzafikiridwa. Kusanjaku kumachitika ndi amene abwera kumsonkhano, ndipo nthawi zambiri amayi, amene amadzuka 4 koloko kukatunga, ndi amene amasowa kapena kukhala chete kumbuyo. Pitani ambiri, ndipo muyankhule. Mukatero funsani tsiku la msonkhano wa ADC, mutumize anthu awiri operekeza wapampando wa VDC, ndipo pambuyo pake muone ndi maso anu kuti zalembedwa m'maminitsi a kumeneko.

Nthawi nayo muisamale. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndipo makhonsolo amakonza bajeti miyezi ingapo Epulo asanafike. Pempho lofika mu Meyi limapeza ndalama zitagawidwa kale, n'kudikira chaka china. Yesetsani kuti mapepala anu akhale atadutsa ku ADC mvula isanayambe.

Ndalama zake zimachokera m'matumba angapo. Pakhala pali DDF, thumba la chitukuko cha madera onse a khonsolo. Pali CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu lomwe linayamba mu 2006, ndipo ngakhale anthu amati "ndalama za aphungu", ndi ndalama za misonkho zomwe zimadzera ku akaunti ya khonsolo. Pakhalanso pali ndalama za pulojekiti ya GESD yothandizidwa ndi World Bank, zomwe khonsolo yakhala ikulandira malinga ndi mmene yakhozera pa kuunika kwa chaka ndi chaka. Mabungwe omwe si aboma nawo amayenera kudzera kukhonsolo asanakumbe, ndipo amafunsa ofesi ya zamadzi kuti malo ovutikitsitsa ndi ati. Choncho kope lina la lipoti la WMA lionetsetsedwe kuti lafika pa tebulo la mkulu wa zamadzi kuboma, ngakhale bajeti ya khonsolo itakhala yothina. Muuzeninso khansala mfundo iyi: kutsuka ndi kukonzanso chitsime chomwe chilipo kale n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi kukumba chatsopano, motero n'kosavuta kukupezera malo mubajeti.

Pakapita miyezi itatu kuli zii, musakhale pansi. Misonkhano ya khonsolo yonse imayenera kuchitika kosachepera kanayi pachaka ndipo anthu amaloledwa kukamvera. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limakulolani kulembera khonsolo kupempha mndandanda wa ntchito zamadzi zomwe zili mubajeti ya chaka chino, ndipo ayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Mukaona kuti mwakankhidwira kumbali mopanda chilungamo, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo otere kwaulere.

Zikatheka kuti akukumbireni watsopano, apa ndi pomwe mudzi uyenera kutsegula maso, chifukwa mijigo yambiri youma mu Okutobala inalakwika tsiku lokumba. Kukumba kwabwino ndi kwa m'chilimwe, madzi ali pansi penipeni. Wokumba mu Febuluwale amapeza madzi msanga, n'kulekera pamwamba. Malo asankhidwe ndi akatswiri atayeza, akhale patali ndithu ndi chimbudzi, khola kapena manda, osati pakhomo pa munthu wotchuka chifukwa choti ndi wotchuka. Kontirakitala akhale ndi chiphaso cha bungwe la National Water Resources Authority. Sankhani anthu awiri odziwa kulemba akhale pamalopo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, aziwerenga mapaipi olowa pansi ndi kulemba m'kope, kuti mamita olipiridwa afanane ndi mamita okumbidwa. Aonetsetse kuti chitsime chauziridwa mpaka madzi ayere, kuti apopa kwa maola angapo kuyesa mphamvu ya madzi, ndiponso kuti madzi atengedwa m'botolo kukayezedwa ku labotale. Pemphani marodi osachita dzimbiri, chifukwa enawo amafiiritsa madzi n'kuduka m'zaka zochepa. Pepala lotsimikiza kuti ntchito yatha musasaine mjigo usanajigidwe pamaso panu, ndipo funsani kuti ndi miyezi ingati yomwe kontirakitala ayenera kubwerera kudzakonza zolakwika ndi ndalama zake. Gawo lina la malipiro ake khonsolo imalisunga kudikira nthawi imeneyo, choncho vuto lililonse mulinene molemba isanathe.

Podikira zonsezi, mawa lomwe kapempheni klorini kwa alangizi a zaumoyo, akuonetseni muyezo wothira m'chigubu cha malita 20, ndipo madziwo azikhala mphindi 30 asanamwedwe. Akakhala amatope, yambani mwawasefa ndi nsalu yoyera. Ndalama za pamwezi za komiti musaleke kutolera ngakhale mjigo uli chigonere, chifukwa a khonsolo ndi a mabungwe akabwera kudzaona malo amafunsa buku la msungichuma, ndipo buku limenelo, mayi, lili m'manja mwanu.